Mutifunse: Zilembo zonenepa pachikwangwani

Funso: Ndatsegula malo odyera m'mbali mwa msewu wopita ku Monkey Bay, pafupi ndi Makawa. Mnyamata wolemba zikwangwani wandionetsa pakompyuta zilembo zonenepa, zobulungira ngati mandasi. Ine ndazikonda, koma bambo akunyumba akuti n'zakusukulu ya mkaka. Ndimvere ndani? — Mayi a ku Makawa

Yankho: Zitengeni mayi, koma mulembere dzina la malo anu lokha. Bambowo muwauze kuti zilembozi si za ana okha. Fonti (mtundu wa zilembo) yotchedwa Cooper Black, yomwe anaijambula Oswald Cooper ku Chicago, inatuluka mu 1922 ndipo amalonda akuigwiritsabe ntchito mpaka lero. VAG Rounded anaipangira kampani ya galimoto ya Volkswagen mu 1979. Mnyamata wanuyo mwina wakuonetsani Arial Rounded MT Bold, yomwe imapezeka m'makompyuta ambiri. Fredoka ndi Baloo 2 n'zaulere pa intaneti, patsamba la Google Fonts.

Ntchito ya zilembozi n'kuitana munthu ali patali. Olemba zikwangwani amawerengera chonchi: masentimita awiri ndi theka a kutalika kwa chilembo pa mamita atatu alionse. Ngati mukufuna wokwera minibasi awerenge ali pa mamita 30, zilembo zitalike masentimita 25. Apa ndiye pagona vuto, chifukwa zilembo zonenepa zimadya malo, ndipo mawu athu ndi aatali. "Takulandirani" ali ndi zilembo 13. Pamsinkhu umenewo bolodi la mamita awiri silikwana. Musalole mnyamatayo kuzifinya kuti zikwane, zimaoneka ngati chambo chopondedwa ndi njinga. Bola kuchepetsa mawu. Awiri kapena atatu, basi.

Muyang'anitsitse timabowo ta m'kati mwa a, e ndi o. Pazilembo izi timakhala tating'ono kale, ndiye bulashi ikakhuta penti timatsekeka, e n'kusanduka o. Auzeni ayambe ajambula mzere wa m'kati ndi bulashi yaing'ono, kenaka adzaze, ndipo apake kawiri mopyapyala. Asiyenso mpata wokwanira pakati pa zilembo, makamaka m, n ndi w akatsatana, apo ayi patali zimangooneka chimulu chimodzi. Ngati n'zodula pa sitika, muli ndi mwayi: makona obulungira samatuka msanga ngati osongoka.

Dzuwa la ku Mangochi kuno silichitira chisoni penti wofiira, amafwifwa msanga. Wakuda kapena wabuluu woderako pa bolodi loyera kapena lachikasu amapirira.

Mitengo ya nsima ya chambo, tiyi, ndi nambala ya foni mulembe ndi zilembo wamba ngati Arial. Pachikalata cha maliro kapena chikwangwani cha loya, zonenepazi ayi ndithu.

Funso: Ndinakonza positala ya mpira, koma atasindikiza ku Mangochi boma zilembo zinasintha, ndipo ŵ wa mu "Malaŵi" anatuluka kabokosi. Chinachitika n'chiyani? — Mphunzitsi wa ku Namwera

Yankho: Aphunzitsi, mavuto ndi awiri. Kompyuta ya osindikizayo inalibe fonti yanu, ndiye inaika ina m'malo mwake. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira ya CorelDRAW, sankhani mawu onse, dinani Ctrl+Q kuti asanduke chojambula, kapena tumizani ngati PDF. Sungani kope lina musanatero, poti mukatero simungakonzenso mawuwo. Kabokosiko kakutanthauza kuti fontiyo ilibe ŵ, ndipo zambiri zokongoletsa zilibe. Musanasankhe fonti, mu Word lembani 0175, dinani Alt ndi X pamodzi, muone ngati ŵ ndi kadenga kake watuluka ndi kunenepa kofanana ndi zilembo zinazo.