Lembetsani, koma muime pomwepo akamalemba

Amayi, mwafunsa ngati kulembetsa njovu zikadya munda kumathandiza, ine mtima wayamba kale kugunda. Kwathu ndi ku Chipangali ku Zambia, mbali ya kumalire ndi paki ya Kasungu. Chisamutsireni njovu 263 kuchoka ku Liwonde kubwera kupakiyi mu 2022, tulo kwathu tinatisiya.

Usiku umene zinalowa kwanga chimanga chinali chitayamba kukhwima, malima atatu (pafupifupi maekala awiri), feteleza wangongole. Ndinangomva mapesi phwa, phwa, agalu onse zii. Tinamenya migolo, mnyamata wanga akuwalitsa tochi. Yaikuluyo inatambasula makutu, kutiyang'ana, n'kupitiriza kudya. Mayi a ana akukuwa kuti bwererani mufera chimanga. Kutacha munda unali ngati bwalo, maungu oswekasweka, ndowe ikadali yofunda. Ndinakhala pansi pamzere, mawu osatuluka.

Munthu wolemba zowonongeka ndi njovu anabwera patapita masiku anayi, mvula itafafaniza mapazi. Panjinga yamoto sanatsike n'komwe. Anadina foni ali pamsewu, n'kulemba kuti zawonongeka pang'ono. Pang'ono! Ndinamuchonderera kuti tiyende akaone yekha, akuti nthawi yamuthera. Mpaka lero ndikamukumbukira thupi limanjenjemera.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zolembazo sizithera mufoni. Malo amene foni yaloza pa GPS, tsiku, kuchuluka kwa njovu, mbewu imene zadya, zonse zimakaikidwa pamapu, ndipo mapuwo ndi amene amalozera kumene atumize oyang'anira nyama, kumene amange mpanda wamagetsi. Mudzi wosalembedwa kwa iwo ulibe njovu. Wathu unaoneka wamtendere chifukwa cha ulesi wa munthu mmodzi. Za ndalama iwalani, boma silipereka chipukutamisozi pa mbewu zodyedwa ndi nyama zakutchire.

Komabe lembetsani amayi, tsiku lomwelo. Yambirani kwa anyakwawa. Jambulani mapazi ndi ndowe dzuwa lisanakwere, muike khasu pambali kuti kukula kwa phazi kuoneke, muwerengenso mizere yogwa. Akabwera mum'tengere pakati pa munda, adine muli pomwepo, akuwerengereni zimene walemba musanasaine. Musunge kope lanulanu kunyumba, aneba nawonso alembemo. Ine chaka chino ndazunguliza nsanza za tsabola ndi oilo wakale kumunda, ndipo zikabweranso nambala ya munthu uja sindidzaimbanso.