Partition ya Windows imene ikukana kutseguka mu Ubuntu

Achimwene, ndawerenga funso lanu loti chiikireni Ubuntu 24.04 (mtundu wina wa Linux) pambali pa Windows 11, partition (chigawo cha disiki) imene mumasungako mafayilo a ntchito, yomwe Windows imaitcha D:, ikukana kutseguka mu Ubuntu, ndipo pakubwera uthenga woti "wrong fs type, bad option, bad superblock". Ndaonanso kuti ena akulangizani kuti muifomate. Chonde musatero, chifukwa malinga ndi zimene mwafotokoza, Windows ikuitsegulabe partition imeneyi popanda vuto, kutanthauza kuti mafayilo anu alipo, ndipo kufomata ndi kumene kungawataye.

Nthawi zambiri gwero la vutoli limakhala Windows yomweyo. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, muli njira yotchedwa Fast Startup, ndipo pa makompyuta ambiri imabwera ili yoyatsidwa kale. Mukadina Shut down, Windows imatseka mapulogalamu anu ndi kukutulutsani mu akaunti, koma kernel (mtima wa Windows) ndi madalaivala (mapulogalamu oyendetsa zipangizo za kompyuta) imazisunga mu fayilo yotchedwa hiberfil.sys kuti poyatsanso idzapitirize pamene inalekezera. Choncho partition za NTFS, womwe ndi mtundu wa kasungidwe ka mafayilo ka Windows, zimasiyidwa zisanatsekedwe mokwanira. Linux itati ilembepo kanthu pa nthawi imeneyo, Windows podzuka ingakhulupirire zimene inasunga zija m'malo mwa zimene zilidi pa disiki, ndipo apo ndi pamene mafayilo amawonongeka. Kukana kwa Ubuntu ndi njira yotetezera mafayilo anu, ngakhale kuti uthenga umene imaonetsa ndi woopsa kuposa vuto lenilenilo. Chimodzimodzi chimachitika magetsi akathima Windows ili mkati mogwira ntchito, zomwe eni makompyuta a patebulo opanda UPS (batire yothandiza magetsi akathima) kwathu kuno akuzidziwa bwino: partition imatsala ndi chizindikiro chosonyeza kuti sinatsekedwe mwadongosolo.

Musanakonze chilichonse, tsimikizani kuti vuto ndi limeneli. Tsegulani Terminal, lembani lsblk -f, ndipo muona partition zonse, mtundu wake ndi UUID yake, yomwe ndi nambala yozindikirira partition iliyonse. Pezani yanuyo, imene dzina lake lingakhale ngati /dev/sda4 kapena /dev/nvme0n1p4, ndipo muone ngati mtundu wake walembedwa ntfs. Kenako yesaninso kuitsegula, ikakana mulembe sudo dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel ya Linux, ndi kuwerenga mizere yomalizira. Mukapeza mzere wochokera kwa ntfs3, dalaivala wa Linux wotsegula NTFS, wonena kuti "volume is dirty", mwapeza chimene chikuvuta. Dalaivala ameneyu analowa mu kernel ya Linux 5.15 mu 2021, ndipo salola kutsegula partition yokhala ndi chizindikiro chimenechi kuti mulembepo.

Kukonza kwake kumachitikira ku Windows, popeza NTFS ndi ya Microsoft ndipo chida chodalirika choikonzera ndi chawo chomwecho. Lowani mu Windows, ndipo choyamba koperani mafayilo ofunika kwambiri pa disiki ina kapena pa fulashi. Mukatero pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, ndi kuchotsa chizindikiro pa Turn on fast startup. Njira yachidule ndi kutsegula Command Prompt ngati administrator ndi kulemba powercfg /h off, koma dziwani kuti lamulo limeneli limachotsanso Hibernate. Muli pomwepo, lembani chkdsk D: /f ndipo mulisiye limalize, ngakhale litatenga nthawi yaitali. Pomaliza dinani Restart ndi kusankha Ubuntu.

Pa intaneti mupeza ambiri akulangiza lamulo la sudo ntfsfix -d lotsatiridwa ndi dzina la partition. Limagwiradi ntchito, ndipo partition imatseguka nthawi yomweyo, koma ine sindililimbikitsa kwa munthu amene Windows yake ikuyaka. Chida chimenechi chimakonza zolakwika zochepa chabe ndi kufufuta chizindikiro chija, osafufuza mafayilo onse monga imachitira chkdsk, moti kuli ngati kupaka penti pa khoma la mng'alu. Ndi chothandiza kwa amene anachotseratu Windows ndipo alibe njira ina.

Pali zinthu ziwiri zimene zingasinthe malangizo onsewa. Ngati lsblk -f yalemba BitLocker m'malo mwa ntfs, partition yanu ndi yokhomedwa, ndipo mufunika mawu achinsinsi ake kapena recovery key ya manambala 48, imene kawirikawiri imasungidwa mu akaunti yanu ya Microsoft. Chachiwiri ndi choopsa kwambiri: ngati dmesg ikuonetsa "I/O error", kapena disiki ikumveka kugogoda, kapena pulogalamu ya Disks ikuchenjeza pa gawo la SMART loonetsa thanzi la disiki, mwina disikiyo ikufa. Zikatero musayendetse chkdsk, chifukwa imailemetsa disiki yodwala kale. Koperani disiki yonse ndi pulogalamu ya ddrescue kupita pa ina yaikulu mofanana kapena kuposa, ndipo ntchito yofunafuna mafayilo ndi pulogalamu ya TestDisk muichitire pa kope limenelo.

Munafunsanso mmene mungachitire kuti partition imeneyi izitseguka yokha kompyuta ikayaka. Pangani foda ndi sudo mkdir /mnt/data, sungani kope la fayilo ya /etc/fstab, imene imauza Ubuntu partition zoti izitsegula poyaka, kenako muwonjezeremo mzere umodzi woyamba ndi UUID= ndi nambala ija munaiona, wotsatiridwa ndi /mnt/data ntfs3 defaults,nofail,uid=1000,gid=1000 0 0. Gwiritsani ntchito UUID, osati dzina ngati /dev/sdb1, chifukwa mayina amenewa amatha kusinthana mukalumikiza disiki ina. Mawu oti nofail musawasiye, popeza popanda iwo Ubuntu imakaima pa emergency mode tsiku limene partition yakana kutseguka, pamene uid ndi gid zimakupatsani umwini wa mafayilo ngati akaunti yanu ndiyo inali yoyamba kupangidwa. Musanazimitse kompyuta, yesani mzerewo ndi sudo mount -a, ndipo ikadandaula konzani pomwepo. Ikakanabe, tumizani muno zimene lsblk -f ndi mizere yomalizira ya dmesg zaonetsa, koma recovery key yanu musaiike pagulu.