Sinthani awiri okha kaye, ndipo yambani ndi magetsi a pa depoti

Achimwene, mwafunsa ngati mungagulitse mavani anu onse asanu ndi limodzi operekera katundu m'magolosale a ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula n'kugula amagetsi, poti dizilo akungosowasowa ndipo mwamva kuti misonkho ikusintha. Musagulitse onse ayi. Sinthani awiri, aja amene amazungulira pafupi n'kudzagona pa depoti, ndipo musanalipire ngakhale tambala, funsani a ESCOM ngati thiransifoma ya kwanuko ingakwanitse.

Kwa mwezi wathunthu madalaivala azilemba makilomita ndi kulemera kwa katundu tsiku lililonse. Vani yamagetsi yonyamula katundu, AC ili yoyatsa, imadya 25 mpaka 30 kWh (mayunitsi a magetsi) pa makilomita 100. Batire ya 50 kWh ndiye kuti muziiwerengera makilomita 140 basi, osati 250 olembedwa pa pepala la wogulitsa, chifukwa simuyenera kuimaliza yonse. Kuchoka ku Nchalo kukafika ku Ngabu n'kubwerako ikwanitsa popanda nkhawa. Ulendo wa ku Nsanje boma kapena ku Marka usiyireni dizilo. Onaninso kuti batire ndi yolemera, choncho vani yamagetsi imanyamula katundu wocheperapo kusiyana ndi inzake ya msinkhu womwewo. Mukaipakira matumba a shuga monga kale, matayala ndi masipuling'i adzakhala oyamba kudandaula.

Chitunda chochokera ku Thabwa kukwera ku Blantyre chili ndi masamu akeake. Mumakwera mamita pafupifupi 900, ndipo vani ya matani atatu imataya 8 mpaka 9 kWh pa kukwera kokhako, kupatula imene imadya pa makilomita a ulendowo. Potsika mota imabwezera ina mu batire, komatu apa ndi pamene pali ngozi: batire ikadzaza 100%, magetsi obwererawo alibe kolowa, galimoto imasiya kudzigwira yokha ndipo ntchito yonse imagwera mabuleki, pamakona aja, katundu ali tho. Muuzeni dalaivala kuti akatchaja ku Blantyre azilekeza pa 80%.

Mdani wamkulu kuno kuchigwa ndi dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola 40°C, ndipo batire yotentha imakalamba msanga. Sankhani batire ya mtundu wotchedwa LFP (lithium iron phosphate), yoziziritsidwa ndi madzi, osati yodalira mphepo yokha. Mangani shedi, ndipo galimoto ikangofika ili phuliphuli musaitchaje nthawi yomweyo. Idikire ola limodzi kapena awiri. Ngati mukugula yakale, wogulitsa akutumizireni lipoti la thanzi la batire, lotchedwa SOH. Ikakhala pansi pa 85% isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji, poti kuno idzatsika mofulumira.

Soketi ya m'nyumba imapereka 2 mpaka 3 kW, kutanthauza maola opitirira 16 kuti batire ija idzaze, ndipo mawaya amatentha. Tchaja ya pakhoma ya 7.4 kW imafuna 32A payokha ndipo imadzaza m'maola asanu ndi awiri. Ziwiri zoterezi zimafuna three-phase, magetsi obwera pa mawaya atatu amoto. Ikikeni ndi katswiri wa laisensi ya MERA, pakhale waya wa earth woyezedwa bwino, RCD (chozimitsa magetsi akayamba kutayikira) ya Type B ndi chotetezera ku mphenzi, chifukwa magetsi obwera mwamphamvu akatha kuthima ndiwo amawotcha tchaja ya m'galimoto, chipangizo chodula chochita kuitanitsa kunja. Mapulagi nawonso amasiyana: galimoto za ku Japan zimabwera ndi CHAdeMO, za msika wa ku China ndi GB/T, zina ndi CCS2. Mavani onse akhale a pulagi imodzi.

Tonse tikukumbuka mmene namondwe Ana anawonongera Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130 MW kwa nthawi yoposa chaka. N'chifukwa chake sola ndi yofunika, koma muidziwe kukula kwake: vani imodzi yodya 40 kWh patsiku imafuna mapanelo pafupifupi 18 a 550W, ndipo masana dzuwa likuwala vaniyo ili kumsewu. Mwina mugule batire yosungira, kapena musinthe ndandanda kuti katundu aziperekedwa m'mamawa, galimoto izitchaja masana pansi pa shedi.

Nyengo ya mvula musaiwale kuti batire imakhala pansi pa galimoto. Madzi osefukira akafika theka la tayala dalaivala abwerere, ndipo vani imene yamizidwa isayatsidwe, iimikidwe kutali ndi nyumba mpaka katswiri aione, chifukwa itha kugwira moto patapita masiku.

Za malamulo musadalire zomva. Misonkho imasintha ndi bajeti, ndipo chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Pitani ku MRA ndi invoisi ya wogulitsa, akulembereni msonkho wa vani yonyamula katundu, imene nambala yake ya kasitomu ndi HS 8704.60, ndi wa tchaja padera, pakuti zimawerengedwa mosiyana. A inshulansi nawo alembe poyera kuti batire ili m'gulu la zotetezedwa, kuphatikizapo ikawonongeka ndi madzi. Wogulitsa amene sangakuuzeni makaniko wodziwa magetsi amphamvuwa amene angafike ku Nchalo, ndi masiku amene sipeya imatenga kuti ifike, musamupatse dipoziti.