Mtanda ukukana kufufuma kukazizira, nditani?

Mayi wina wandilembera imelo, akuti kukazizira amakonda kudzitsekera m'nyumba kuphika buledi kwinaku akusoka, koma mtanda sukufufuma ndipo buledi akumatuluka wolimba gwa. Akufunsa ngati awonjezere yisiti kapena azikandira madzi otentha kwambiri.

Mayi, madzi otenthawo ayi ndithu. Yisiti ndi tizamoyo ting'onoting'ono, timadya shuga wa mu fulawa n'kumatulutsa mpweya, mpweya umenewo ndi omwe umatukumula mtanda. Madzi akafika madigiri 60 a Celsius yisiti amafa, mudikira mpaka kuda palibe chichitike. Madzi akhale ofunda chabe, cha m'ma 35 mpaka 38, oti mukapisamo chala simukumva kuwotcha. Kuwonjezera yisiti kumafulumizitsadi koma buledi wake amamveka kafungo ka mowa, ine sindikakonda. Pa fulawa 500g, yisiti wouma 7g akwana, mchere 10g, madzi pafupifupi 320ml, mukande mphindi 10 mpaka mtanda usalale uzitamuka osaduka msanga.

Nkhani ndi yoti kuzizira sikupha yisiti, kumangomuchedwetsa basi. Resipe ikati ola limodzi imaganizira chipinda chofunda cha madigiri 25 kapena kuposapo, nde m'nyumba mwanu mukakhala 15 mtanda utha kutenga maola awiri, atatu, mwinanso kupitirira, ndipo ine ndikukayikira kuti mukumauika mu uvuni nthawi yake isanakwane chifukwa mukutsatira wotchi. Yang'anani mtandawo. Ukule kuwirikiza kawiri, ndiye muutobwanye pang'ono ndi chala chopaka fulawa, dzenjelo likabwerera pang'onopang'ono osatsekeka lonse ndiye kuti wakonzeka, likabwerera nthawi yomweyo usiyeni kaye. Komanso mtanda wofufuma pang'onopang'ono umakoma kuposa wothamangitsa, moti ena amachita kuugoneka mu fuliji usiku wonse dala.

Mukafuna kuuthandizako, phimbani beseni ndi kansalu konyowa kuti pamwamba pasaume, muliike mu uvuni wozimitsa, pansi pake muikepo mbale ya madzi otentha, tsekani. Nthunzi ija imakwanira.

Zosokazo ndiye zikugwirizana bwino ndi kudikira kumeneku, musazisiye. Kungoti mukamaliza kukanda sambani ndi sopo chifukwa mafuta a m'manja akalowa pa nsalu yowala savuta kuoneka koma amavuta kuchoka. Zala zozizira zimauma, kulowetsa ulusi pa singano kumasanduka ntchito, ndiye zifunditseni kaye, ndipo ulusi muzidula waufupi, kuchokera ku chala mpaka pa chigongono, wautali umangopotana n'kumanga mfundo. Khalani pafupi ndi windo poti nyengo yozizira kumada msanga, nsalu zakuda muyambe nazo kukadali kowala. Ngati mukusokera makina, mafuta ake amalimbako kukazizira, ayendetseni kaye pa kachidutswa ka nsalu musanaike chovala chenicheni.

Pomwe muyenera kusamala ndi pa kufufuma kwachiwiri, komwe kumachitika mukauumba mtanda wofufuma uja n'kuuika mu tini. Munthu ukatengeka ndi kupendera suona nthawi, mtanda umapitirira muyeso n'kudzaphwa mu uvuni, pamwamba n'kulowa m'kati. Tcherani alamu pa foni muzikasuzumira mphindi 30 zilizonse, ukangotulukira pang'ono pamlomo pa tini, uvuni ukhale utatentha kale pa madigiri 220, muphike mphindi 30 mpaka 35. Mutulutse mu tini mugogode kunsi kwake, azimveka ngati m'kati mulibe kanthu. Ndipo musamudule akadali wamoto, dikirani ola, apo ayi m'kati mumamatira ku mpeni.

Ngati mukusowa chosoka tsiku limenelo, sokani kathumba ka kotoni kosungira buledi yemweyo, ka chingwe kukamwa. Nsaluyo muyichape kaye musanadule chifukwa kotoni amafupika akachapidwa, ndipo buledi muzimulowetsamo atazizirira.