Mwini nyimbo ya mluzu ija ndi Morricone

Achimwene mwafunsa kuti nyimbo ya mluzu ya m'mafilimu a macowboy ija anapeka ndani komanso ngati adakali moyo. Ameneyo ndi Ennio Morricone wa ku Italy, anatisiya pa 6 July 2020 ku Rome ali ndi zaka 91. Imene mukunenayo ndikukhulupilira ndi ya mu The Good, the Bad and the Ugly ya 1966, filimu ya Sergio Leone, mnzake amene anaphunzira naye limodzi kupulayimale. Chimandiwaza ine nchakuti mkuluyu amangosakaniza mluzu, gitala ya magetsi, lipenga, mpaka anthu kumakuwa ngati nkhandwe usiku koma zonse kumveka bhobho, ife timangoimba mluzuwo pochokera ku vidiyo osadziwa nkomwe mwini wake. A Oscar, opereka mphoto za mafilimu aja, nawo anamuchedwetsa heavy, mphoto yaulemu anampatsa 2007, yopikisana anadzawina 2016 ndi The Hateful Eight ali gogo wa zaka 87.