Kodi ndigule thumba logonamo la nthenga limene atsitsa mtengo kuti ndikakwere nalo phiri la Mulanje?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo akukonzekera kubwera kumudzi mwezi wa July chaka chamawa, ndipo apangana ndi achemwali awo kuti akayende masiku anayi paphiri la Mulanje, kuyambira ku Likhubula, kugona m'nyumba za alendo za pa Chambe ndi pa Chisepo, kenaka kuyesa kufika pa Sapitwa nyengo ikadzalola. Pa selo ya Black Friday, imene masitolo amachita kumapeto kwa November, aona matumba awiri ogonamo a nthenga. Loyamba lili m'sitolo yogulitsa katundu wa oyenda m'mapiri, alitsitsa ndi 30 peresenti chifukwa ndi la chaka chatha, ndipo pakapepala kake alembapo 650 fill power, nthenga zolemera magalamu 600, comfort 2 ndi limit -4 (tanthauzo la manambalawa ndilifotokoza m'munsimu). Lachiwiri aliona pa intaneti, alitsitsa ndi 70 peresenti, ndipo angolemba kuti ndi la nthenga za tsekwe komanso kuti limapirira kuzizira kwa madigiri -15. Funso lawo ndi lakuti agule liti, popeza lachiwirilo likuoneka lotentha kwambiri pamtengo wochepa.

Mayi, mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Yankho langa ndi lakuti loyambalo mukhoza kugula mukaliona ndi maso ndi kuligwira ndi manja, koma lachiwirilo lisiyeni, ngakhale mawa atalitsitsanso.

Kutsika mtengo pakokha si chinthu choopsa. Thumba la nthenga si tomato kuti likagona pabenchi masiku awiri liyambe kuwola. Likasamalidwa bwino limatha zaka zoposa khumi likugwirabe ntchito. Eni masitolo amatsitsa mtengo wa katundu wa chaka chatha chifukwa kampani yatulutsa mtundu watsopano, mwina yangosintha utoto wa nsalu kapena zipi, ndipo iwo akufuna malo pashelefu. Selo yotere ndi mwayi weniweni kwa munthu wogula, chifukwa kuzizira kwa pa Chisepo sikudzafunsa ngati thumba lanu ndi lobiriwira kapena lofiira. Koma pali selo inanso imene wogulitsa amayamba walemba mtengo waukulu umene sanagulitsepo munthu aliyense, n'kuudula mzere, n'kulemba wina waung'ono pansi pake. Njira yosiyanitsira ziwirizi ndi kuwerenga zimene zalembedwa zokhudza nthengazo, osati kukula kwa peresenti.

Aliyense amene anasosolapo bakha akudziwa kuti pansi pa nthenga zazikulu zokhala ndi kamtengo kolimba pakati pali tinthenga tina tofewa ngati thonje, makamaka pachifuwa ndi pamimba, timene timauluka ukangopumira pafupi. Tinthenga timeneti ndi timene amalonda amatitcha down. Thumba logonamo silipanga kutentha. Thupi lanu ndi limene limatulutsa kutenthako, ndipo ntchito ya tinthengati ndi kufufuma n'kusunga mpweya wofundawo kuti usathawe. Choncho pakapepala yang'anani manambala monga 90/10 kapena 80/20. Yoyamba ikutanthauza gawo la tinthenga tofewa, yachiwiri gawo la nthenga wamba zimene zimangowonjezera kulemera ndi kubaya nsalu. Thumba limene angolemba kuti ndi la nthenga za tsekwe, osatchula gawo lililonse, likhoza kukhala lodzaza ndi nthenga zofanana ndi za mumtsamiro. Ndinene pano kuti nkhani ya tsekwe ndi bakha anthu amaikulitsa mopitirira. Nthenga zapamwamba kwambiri nthawi zambiri zimakhala za tsekwe, koma nthenga zabwino za bakha zimafunditsa bwino lomwe ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo.

Nambala ya fill power imasonyeza mmene nthengazo zimafufumira. Amatenga nthenga zolemera aunsi imodzi, imene ndi magalamu pafupifupi 28, n'kuona malo amene zadzaza. Za 650 zimadzaza malita pafupifupi 10 ndi theka, pomwe za 800 zimadzaza malita 13. Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti nambala yaikulu ikutanthauza thumba lotentha kwambiri, koma kuti mudziwe kufunda kwake muyenera kudziwanso kuchuluka kwa nthenga zimene aikamo. Thumba la 650 lokhala ndi magalamu 600, monga limene mwaonalo, lili ndi mpweya wambiri m'kati mwake kuposa thumba la 800 lokhala ndi magalamu 400 okha, ndipo ngati kasokedwe kali kofanana, loyambalo ndi limene lingakufunditseni kwambiri. Chimene mumalipira pa nambala yaikulu ndi kupepuka komanso kuchepa kwa malo amene thumbalo likutenga m'chikwama. Kwa munthu woyenda miyezi yambiri atabereka zonse yekha, magalamu 100 kapena 200 ndi nkhani yaikulu. Kwa inu amene mukayende masiku anayi, mwinanso mothandizidwa ndi anyamata onyamula katundu a pa Likhubula, sindikuona chifukwa cholipirira ndalama zowirikiza.

Pamene thumba lachiwirilo landikayikitsa kwambiri ndi pa nambala ya -15 ija. Ku Ulaya anakhazikitsa muyezo wotchedwa EN 13537, umene mu 2016 unalowedwa m'malo ndi ISO 23537, ndipo makampani odalirika amayezetsa matumba awo potsatira muyezowu. Amagoneka m'thumbamo chidole chachikulu ngati munthu, chotenthetsedwa ndi magetsi, chitavala zovala zam'kati, pa matiresi, m'chipinda chozizira, ndipo amapeza manambala atatu. Comfort ndi kuzizira kumene mayi wazaka 25 wolemera makilogalamu 60 angagone momasuka osamva kuzizira. Limit ndi kumene mwamuna wazaka zomwezo wolemera makilogalamu pafupifupi 70 angagone atadzipinda. Extreme ndi kumene mayi uja angakhale maola asanu ndi limodzi osafa, koma akunjenjemera ndiponso ali pachiopsezo chenicheni. Wogulitsa amene walemba nambala imodzi yokha, osatchula muyezo uliwonse, kawirikawiri amakhala atasankha yomalizayi, ngati sanangoipeka m'mutu mwake. Thumba limene extreme yake ndi -15 likhoza kukhala ndi comfort ya madigiri 5 kapena kuposerapo, kutanthauza kuti ndi lozizira kuposa loyamba lija. Samalaninso ndi matumba ochokera ku America, chifukwa nambala imene ili m'dzina lawo imakhala ya Fahrenheit: 30 ndi pafupifupi -1 pa muyezo wathu, ndipo 20 ndi pafupifupi -7.

Inuyo werengani comfort basi. Nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002, ndipo nyumba zogonamo za paphiripo zili pafupifupi mamita 2,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. M'miyezi ya June ndi July si zachilendo kudzuka m'mawa n'kupeza udzu utayera ndi chisanu. M'nyumbazo mumakhala malo osonkhapo moto ndipo mlonda amathandiza ndi nkhuni, koma moto umazima pakati pausiku, ndipo kuzizira kwenikweni kumabwera tambala atatsala pang'ono kulira, thupi litatopa ndi mtunda wa tsiku lonse. Comfort ya madigiri 2 ndi yokwanira kwa munthu wogona m'nyumba zimenezi, atavala chipewa chaubweya, masokosi ouma ndi zovala zam'kati zofunda. Ngati muli m'gulu la anthu amene amafunda mabulangete awiri ngakhale mwezi wa September, onjezerani kansalu kovala m'kati mwa thumbalo, kapena funsani ngati ali ndi lina la comfort 0 pa selo yomweyo. Musaiwale choyala pansi. Nthenga zimene mwazigonera zimaphwatalala n'kusiya kugwira ntchito, motero kuzizira kochokera pansi kumatchingidwa ndi matiresi, osati thumba.

Vuto lalikulu la nthenga paphiri la Mulanje ndi chinyezi. Nthawi imene mwasankhayo ndi ya chiperoni, pamene nkhungu ndi mvula yamawawa zimatha kuphimba phiri masiku awiri kapena atatu osalekeza. Nthenga zikanyowa zimamatana n'kukhala timibulu, kufunda kwake kumatheratu, ndipo sizingaume msanga m'nyumba yodzaza utsi ndi zovala zonyowa za anthu ena. Thumba la ulusi wa poliyesita ndi lolemera ndiponso limatenga malo ambiri, koma limafunditsabe pang'ono likanyowa, limauma msanga, ndipo mtengo wake ndi wotsika ngakhale popanda selo. Ngati ulendo umenewu ndi woyamba komanso womaliza, kapena ngati thumbalo lizidzabwerekedwa ndi abale onse pamudzi, ganizirani za poliyesita mosachita manyazi. Koma ngati mukufuna kupitiriza, mwina kukafika ku Nyika kapena ku mapiri a Drakensberg amene ali pafupi nanu, nthenga n'zoyenera ndalama zake, bola muziika thumbalo m'jumbo yolimba ya pulasitiki, yomanga pakamwa, musanaliike m'chikwama.

Zimene ndikunenazi ndinaziphunzira ndi thupi langa. Zaka zingapo zapitazo ndinagula thumba la nthenga pa kaunjika, lokhala ndi dzina la kampani yodziwika, nsalu yake yowala ngati yatsopano, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudzitama kuti ndatola. Usiku woyamba paphiri ndinadzuka cha m'ma 2 koloko mapewa ndi chiuno zikuwawa ndi kuzizira, pomwe kumapazi kunali kotentha bwinobwino. Kutacha ndinalinyamula n'kuliyang'anitsa kudzuwa pakhomo la nyumbayo. Zigawo zitatu za pachifuwa zinali zopanda kanthu, kuwala kukudutsa ngati pa katani, ndipo nthenga zonse zinali zitaunjikana m'makona ngati timipira ta thonje lonyowa. Mwiniwake woyamba ayenera kuti analichapa ndi sopo wamba wa ufa, amene amachotsa mafuta achilengedwe a nthenga, n'kulisunga litapanikizidwa kwa nthawi yaitali. Akuluakulu sananame ponena kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti pa kaunjika sipapezeka zabwino, koma ndikadaliyang'anitsa kudzuwa ndili pamsika pomwepo, sindikadagula.

N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mupite kusitoloko nokha. Apempheni akutulutsireni thumba lenileni limene mutenge, osati loonetsera lokha. Likutumuleni, liyaleni, ndipo mudikire mphindi khumi muone ngati lafufuma mofanana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Liyang'anitseni ku getsi chigawo chilichonse. Linunkhizeni, chifukwa fungo la chuku kapena la khola la abakha ndi chizindikiro cha nthenga zosatsukidwa bwino kapena zosungidwa pachinyezi. Tsinani pamsoko: ngati nsalu yakunja ndi yam'kati zasokedwa pamodzi mwachindunji, msoko uliwonse udzakhala njira ya kuzizira, ndipo kasokedwe kotere n'koyenera thumba la nyengo yotentha, pomwe thumba la nyengo yachisanu limakhala ndi kansalu koima pakati kolekanitsa nsalu ziwirizo. Kenaka vulani nsapato mulowemo, ngakhale anthu akuyang'aneni. Tsekani zipi muli m'kati, muone ngati sikuluma nsalu ndiponso ngati kumbuyo kwake kuli kamzere kofufuma kotchinga mphepo, ndipo mukoke chingwe cha kumutu mpaka kutsale mphuno ndi pakamwa. Pa selo nthawi zambiri pamatsala masaizi aatali okhaokha, ndipo thumba lalikulu mopitirira limasiya malo opanda kanthu amene thupi lanu liyenera kuwatenthetsa usiku wonse.

Pakapepala yang'ananinso chizindikiro cha Responsible Down Standard, chimene chinayamba mu 2014 ndipo chimayang'aniridwa ndi bungwe la Textile Exchange. Chimatsimikizira kuti mbalamezo sizinasosoledwe zili zamoyo kapena kudyetsedwa mokakamiza. Kupatula chifundo pa nyama, chizindikirochi chimasonyezanso kuti kampaniyo ikudziwa kumene nthenga zake zachokera, chinthu chimene wogulitsa wa -15 uja sanayese n'komwe kukuuzani.

Popeza mukugula ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limakupatsani miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu amene wapezeka ndi vuto, kuti akukonzereni, akusinthireni kapena akubwezereni ndalama, ndipo kutsika mtengo sikuchotsa ufulu umenewu, pokhapokha ngati anakuuziranitu za vutolo inu n'kuvomera. Sungani lisiti, ndipo dziwani kuti mukagula kumapeto kwa November miyeziyo idzatha kumapeto kwa May, ulendo wanu usanafike. Choncho mugonemo usiku umodzi kapena uwiri mukangofika nalo kunyumba, kuti zipi ndi misoko zionetse khalidwe lake nthawi ikadalipo. Kanthenga kamodzi kapena tiwiri tikatulukira pansalu si vuto. Musakazule, koma kakokereni m'kati kuchokera kuseri.

Kuyambira pamenepo mpaka July, musalisiye m'kathumba kake kakang'ono kopanikiza. Lipachikeni m'kabati kapena liikeni m'thumba lalikulu la nsalu pamalo ouma, ndipo musalichape mpaka litadadi, pogwiritsa ntchito sopo wopangidwira nthenga. Muli ndi mwayi umene ife a ku Blantyre tilibe: mzinda wa Johannesburg uli pa mamita pafupifupi 1,750, ndipo usiku wa mwezi wa June kumeneko kumazizira mofanana ndithu ndi pamene mukagone paphiri. Sankhani usiku umodzi wozizira, yalani matiresi anu pakhonde kapena m'chipinda chotsegula mawindo, valani zimene mudzavale pa Chisepo, ndipo mugone mpaka kucha. Mukadzuka pakati pausiku mukumva kuzizira, mudzakhalabe ndi milungu ingapo yogulira kansalu kam'kati kaja musanakwere basi yobwera kumudzi.