Mafunso Anu pa Zamakompyuta: Lipoti la AWS Config Lafiira, Ndiyambire Pati?

Funso: Akonzi, ndimagwira ntchito ya IT pa bungwe lina lobwereketsa ndalama kwa alimi. Chaka chatha tinasamutsira deta ya makasitomala athu ku AWS, makompyuta a kampani ya Amazon osungira deta pa intaneti (cloud), ndipo amene anatithandiza kusamukako anayatsa AWS Config kuti iziyendera yokha zinthu zathu. Tsopano lipoti lake ladzaza ndi mawu oti NON_COMPLIANT, kutanthauza kuti zinthu sizikutsata malamulo, ndipo abwana akufuna kuti zonse zikhale zitayera ofufuza mabuku asanabwere mwezi wamawa. Mnzanga wandiuza kuti ndingozimitsa malamulo amene akuvutawo. Kodi nditani? *Wowerenga wathu, Lilongwe*

Yankho: Zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, koma malangizo a mnzanuyo musawatsatire. Ntchito ya lamulo lililonse la AWS Config ndi kuyerekeza mmene chinthu chakhazikitsidwira ndi mmene chimayenera kukhalira, kenako n'kunena ngati zikugwirizana. Mukalizimitsa lipoti liyera ndithu, koma mudzakhala ngati dalaivala amene wamata pepala pa nyali yofiira ya oyilo n'kupitiriza ulendo. Dziwaninso kuti CloudTrail, kaundula wa zochitika mu akaunti yanu ya AWS, imalemba dzina la amene wachotsa lamulo pamodzi ndi nthawi yake, ndipo wofufuza wodziwa ntchito yake sadzalephera kuyang'ana pamenepo.

Kuchuluka kwa zofiirazo kusakuopseni. Sanjani lipotilo potengera lamulo, osati chinthu chimodzichimodzi, ndipo mudzapeza kuti mwina lamulo limodzi lokha, monga required-tags, lofuna kuti zinthu zikhale ndi ma tag (zizindikiro zozifotokoza), ndilo labala zambiri mwa izo. Mukatero, pa gulu lililonse dzifunseni kuti muli deta yanji mmenemo, ndipo ndani angaifikire lero lino. Yankho la funso limeneli ndilo likuuzeni poyambira.

Choyamba kuthamangira ndi bucket ya S3 (nkhokwe yosungira mafayilo ku AWS) imene yalephera lamulo la s3-bucket-public-read-prohibited, chifukwa izi zikutanthauza kuti munthu aliyense wa pa intaneti akhoza kuwerenga zili mmenemo. Ngati ndi mmene mumasunga zithunzi za ziphaso za unzika, manambala a foni ndi mafomu a ngongole, yatsani Block Public Access, yotsekera anthu akunja, tsiku lomwelo, osadikira msonkhano. Kuyambira mu April 2023, bucket iliyonse yatsopano imabwera yotseka kale, choncho yanu ikakhala yotsegula ndiye kuti ndi yakale kapena wina anachita kuitsegula dala. Mbiri ya CloudTrail, imene imaoneka mpaka masiku 90 apitawo, ikhoza kukusonyezani amene anatero. Mufunseni chifukwa chake mwaulemu, popeza nthawi zambiri si woipa mtima, koma wantchito amene ankafuna kutumiza fayilo ku ofesi ya ku Kasungu mwachangu n'kuiwala kutseka.

Kutseka kokha sikuthetsa nkhani. Ngati malogi a bucket imeneyo, olemba amene aifikira, anali oyatsa, awerengeni muone ngati panali alendo amene anakopera mafayilo. Zikapezeka choncho, nkhaniyo yachoka m'manja mwa IT: akuluakulu a bungwe ndi loya wanu ayenera kudziwa msanga, chifukwa dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta la 2024, limene limayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo limaika udindo pa bungwe losunga deta ya anthu, osati pa kampani ya cloud yokha.

Gulu lachiwiri ndi la encryption, kubisa deta kuti wopanda kiyi asaiwerenge, ndipo apa m'pamene changu cha abwana chingakupwetekeni. Ku S3 vutoli linachepa, chifukwa kuyambira mu January 2023 fayilo iliyonse yatsopano imabisidwa yokha. Database ya RDS, ntchito ya AWS yosunga ma database, ndi nkhani ina. Ngati inapangidwa yopanda encryption, palibe batani loti mungodina kuti iyambe. Muyenera kutenga snapshot (chithunzi cha database yonse pa nthawi imeneyo), kuikopera mutayatsa encryption, kudzutsa database yatsopano kuchokera pa kope limenelo, kenako n'kulozera mapulogalamu anu kumeneko. Pa nthawi imeneyi ntchito imaima kaye, apo ayi zimene zalembedwa pambuyo pa snapshot zitsalira ku database yakale. Musachite zimenezi kumapeto kwa mwezi, alimi akubweza ngongole ndipo akalaliki ali pa mzere wolowetsa malisiti. Sankhani usiku wa Loweruka, yesani kaye pa kope loyeserera, ndipo yakaleyo musaifufute mpaka a ku akaunti atatsimikiza kuti ziwerengero zikugwirizana. Ngati tsiku labwino likugwera pambuyo pa ulendo wa ofufuza, zisiyeni zofiira, muwasonyeze dongosolo lolembedwa lokhala ndi tsiku ndi dzina la amene adzagwire ntchitoyo. Ineyo ndingakhulupirire kwambiri pepala limenelo kusiyana ndi lipoti limene layera usiku umodzi.

Za ma tag ndi zotopetsa koma sizivuta. Lembani mwini wa chinthu chilichonse ndi mtundu wa deta yake, ndipo chimene palibe akuchivomera kuti n'chake chifufuzeni, chifukwa mwina mukuchilipira madola mwezi ndi mwezi popanda ochigwiritsa ntchito.

Padzatsala zina zimene lamulo likuzitsutsa pamene zili bwino, monga bucket yosunga zithunzi za pa webusaiti yanu, imene iyeneradi kuoneka kwa aliyense. Zoterezi zilembeni ngati zopatulidwa: chifukwa chake, amene wavomereza, ndi tsiku lodzaziunikanso. Ngati mumagwiritsa ntchito Security Hub, chida cha AWS chosonkhanitsa malipoti a chitetezo, ikani chinthu chimodzicho pa SUPPRESSED n'kulemba chifukwacho, lamulo lenilenilo lipitirize kulondera zina zonse.

Funso: Ndinakonza zolakwika zingapo pa console, tsamba loyendetsera AWS pamanja, koma patapita masiku zinabweranso. Kodi ndingoyatsa zoti makina azikonza okha? *Wowerenga wathu, Blantyre*

Yankho: Funsani kaye ngati zinthu zanu zimapangidwa ndi Terraform kapena CloudFormation, zida zokhazikitsa zinthu pa AWS kuchokera mu code. Ngati ndi choncho, cholakwikacho chili mu code, ndipo wina akaiyendetsanso ikhoza kubwezera zinthu mwakale n'kufafaniza zimene munakonza pamanja. Kakonzeni mu code momwemo, mnzanu aunike, kenako muiyendetse.

Zoti makina azikonza okha n'zotheka, chifukwa AWS Config imatha kuitana Systems Manager Automation, chida cha AWS chokonza zinthu pachokha, ikangoona cholakwika. Yambani ndi zinthu zimene mungathe kuzibweza mosavuta zikalakwika, ndipo poyamba muziziyendetsa ndi dzanja lanu mpaka mutaona khalidwe lake. Zofufuta deta kapena kuzimitsa seva musazisiyire makina. Mukakonza chinthu n'kuona kuti chikadali chofiira, musathamangire kukonzanso: malamulo ena amayendera chinthu chikangosintha, pamene ena amayendera pa nthawi yoikika, imene ikhoza kufika maola 24. Dinani Re-evaluate pa lamulolo, mudikire mphindi zingapo, ndiyeno muonenso lipoti.